Naini wa Kumchira

Pasukulu pathu aphunzitsi a masamu tinalipo awiri, ine ndi a Onetsani. Dzina limeneli anawapatsa ndi ana, chifukwa mwana akangolemba yankho lopanda njira yake, iwo ankalizunguliza ndi inki yofiira n'kulemba pambali kuti "onetsani", yankholo likhale lolondola chotani. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, amene ankaona mwana aliyense ngati wakuba amene sanagwidwebe. Ine sindinkawakonda, ndinene poyera. Nawonso sankandikhulupirira. Kapu yawo ya tiyi ankaikiyira m'kabati ngati kuti ine ndinabwera pasukulupo kudzatolera makapu a eni.

Chaka chimenecho sukulu ina yaikulu, yogonera konko, inatipatsa malo amodzi aulere. Amodzi basi. Ahedi analamula kuti tikonze mayeso a masamu, ndipo wopambana ndiye apite. Ana analemba ambiri, koma aliyense ankadziwa kuti mpikisano weniweni uli pakati pa atsikana awiri. Woyamba anali mwana wa telala wa kumsika, wofatsa mwakuti ukamufunsa funso umachita kuwerama kuti umve yankho. Wachiwiri anali amene tinkamutchula kuti Wamagalasi, mwana wa achimwene awo a a Onetsani, amene iwo ankamulera kunyumba kwawo chimwalirire mayi ake.

Chifukwa cha ubale umenewu, ahedi anagawa ntchito mochenjera. Mafunso ndinakonza ndi kutayipa ndine, osawaonetsa a Onetsani. Makalikuleta analetsedwa, zikwama zonse zinasiyidwa pakhonde. Mayeso atatha, mapepala anagawidwa milu iwiri, ndipo la Wamagalasi linaikidwa mumulu wanga. Ine mulu wangawo ndinauponya m'dirowa, poti ulesi wochonga ndiwo matenda anga akale. A Onetsani wawo anauyamba masana omwewo.

Sipanatenge nthawi. Tili m'chipinda cha aphunzitsi, ena akumwa tiyi, ena akukangana za mpira, tinangomva cholembera chikugogoda patebulo. Iwo anali atanyamula pepala limodzi ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha.

Funso lake linali lophweka. Ndinati mwana alembe 1/7 m'manambala a pambuyo pa dontho, ndipo anene ngati manambalawo akutha kapena akubwerezabwereza. Mwana wa telala analemba 0.1428571429, n'kuwonjezera kuti akubwereza. Njira panalibe, pepala loyera mbee.

A Onetsani anaimirira, n'kutiphunzitsa tonse ngati ana a sitandade wani, ndi aphunzitsi a mbiri yakale omwe, amene manambala amawadwalitsa mutu. Anati pa fulakishoni mwini nkhani ndi nambala ya pansi. Ya pamwamba imangotsatira. Ya pansi ikakhala yopangidwa ndi ma 2 ndi ma 5 okhaokha, monga 4, 8 kapena 20, kugawa kumafika potha, munthu n'kupuma. Ikakhala 3, nambala imodzi imangodzibwereza mpaka pepala kutha. Ikakhala 11, zimasinthana ziwiri. Koma ukamagawa ndi seveni, zotsala zimene ungapeze ndi kuyambira 1 mpaka 6 basi, motero ukatsika kasanu ndi kamodzi chotsala choyamba chija chimabweranso, nyimbo n'kuyambiranso. Analemba pabolodi 142857, n'kulembanso 142857, choko chikulira.

"Tayang'anani bwino," anatero. "M'nyimbo ya seveni mulibe naini. Gawani mpaka mawa, mpaka mukalambe, simudzamupeza. Ndiye naini uyu walowa bwanji?"

Anadziyankha okha. Anatulutsa kalikuleta yawo, n'kudina, n'kuiyendetsa kwa aliyense. Pagalasi pake panatuluka zomwezo zimene mwana wa telala analemba, nambala ndi nambala. Kalikuleta malo ake ndi ochepa, imangosunga manambala khumi, ndiye ikafika podula mchira imayang'ana nambala yotsatira. Ikaona kuti pambuyo pa 8 pakubwera 5, imamukweza 8 uja kukhala 9. Ndinadinanso pa yanga, poganiza kuti mwina yawoyo aichita kanthu. Zinali chimodzimodzi. Ndinamva kuwawa kuti sindinazione ndine.

Mwanayo anaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ine ndinaima pakhomo ngati mboni. Atamufunsa njira, anati manambala a seveni amawadziwa pamtima. Atamufunsa za naini, anayamba kunena kanthu chapansipansi, koma a Onetsani anamudula, n'kumuuza kuti asawonjezere bodza pa bodza. M'chikwama chake munapezeka kalikuleta, monga mmene ikanapezekera m'chikwama cha mwana wina aliyense wa kalasi imeneyo. Kenaka woyang'anira mayeso anakumbukira kuti mtsikanayu anapempha kupita kuchimbudzi mayeso ali pakati, ndipo njira ya kuchimbudzi imadzera pakhonde paja panali zikwama. Zonse zinangolumikizana zokha.

Mawa lake kunabwera telala, tepi yoyezera ili pakhosi, ulusi uli pa malaya. Sanakweze mawu. Anangofunsa ngati alipo amene anamuona mwana wake ndi maso atagwira kalikuletayo. A Onetsani anamutengera pabolodi n'kumulongosolera za zotsala zisanu ndi chimodzi. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja, ndipo zinkaoneka kuti palibe chimene watolapo kupatula kuti nkhani yatha kale. Ahedi anachotsa dzina la mwanayo pa mpikisano. Kuchokera tsiku limenelo mpando wake m'kalasi unali wopanda munthu.

M'chipinda cha aphunzitsi manong'onong'o anayamba. A Onetsani akangotuluka, wina ankafunsa kuti kodi pa zonsezi wapindula ndani. Wina ankati maso a anthu ena amaona bwino kwambiri pamene pali mwana wa eni. Wina anafika ponena kuti mwina woyang'anira mayeso uja anachita kukumbutsidwa za chimbudzi. Ine sindinatsalire pa miseche imeneyi, ndinkathirako mchere ndithu. Iwo akalowa, tonse tinkakhala chete n'kumayang'ana m'makapu mwathu, ndipo iwo ankatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akuwerenga amene wayamba.

Ahedi atandikumbutsa kachitatu kuti dzina la wopambana likufunika sabata isanathe, ndinatsegula dirowa lija. Pepala la Wamagalasi ndinalisiya komalizira. Linali laukhondo, zilembo zoima bwino ngati za azakhali ake. Nditawonkhetsa, ndinapeza kuti waposa onse a mumulu wanga kutalitali, koma wachepa pang'ono kwa mwana wa telala. Popeza mnzakeyo anali atachotsedwa, malo aja anali ake. Ndiye ndinabwerera pa funso la seveni, poti nditachonga koyamba ndinangoona mawu oti akubwereza n'kudutsa.

Anali atalemba 0.1428571429.

Ndinavula magalasi anga, n'kuwapukuta, n'kuyang'ananso. Naini anali pomwepo, wonenepa, kumchira. Mtima wanga unasangalala moipa, sindibisa. Kenaka maganizo anayamba kuthamanga. Kodi atsikanawa ankapatsirana kalikuleta imodzi? Kodi azakhali ake akudziwa, ndiye anathamangira kugwira winayo kuti maso athu onse aloze kumeneko? Kapena ankadalira ulesi wanga, kuti ndidzachonga mothamanga osaona? Chomalizachi ndicho chinandipsetsa mtima, chifukwa chinatsala pang'ono kuchitikadi.

Ndinadikira kuti aphunzitsi ena apite m'makalasi. Titatsala awiri, ndinapita pa tebulo lawo, n'kuika pepala patsogolo pawo, chala changa chachikulu chitaphimba dzina. Ndinawafunsa mwaulemu wonse kuti andithandize maganizo pa yankho ili.

Anangoyang'ana kamodzi. "Wakuba wina uyu. Mukufunsanso chiyani? Pitani naye kwa ahedi."

Ndinachotsa chala.

A Onetsani anawerenga dzina la Wamagalasi kawiri. Sanayambe ndi mwana, anayamba ndi ine. Anandifunsa kuti pepalali lakhala kuti masiku onsewa, dirowa langa limakiyidwa kapena ayi, kiyi amasunga ndani. Analitengera pawindo, n'kuliyang'anitsitsa padzuwa kuti aone ngati 8 wina wachita kusandutsidwa 9 ndi cholembera china. Ananunkhiza ngakhale inki. Ndinawauza kuti ngati akundiyesa wachinyengo anene poyera, tikakambirane kwa ahedi. Anabwezera pepalalo patebulo. Inki inali imodzi, dzanja linali limodzi, ndipo dzanjalo ankalidziwa kuposa wina aliyense.

Nthawi yopuma itakwana anatuma mwana kuti akaitane Wamagalasi. Mtsikanayo analowa akumwetulira, mwina poganiza kuti aitanidwira nkhani yabwino. Azakhali ake anatseka chitseko. Sanamupatse mpando. Anamufunsa kuti kalikuleta anaibisa pati, m'sokosi kapena m'malaya. Anamufunsa kuti anamupatsa ndani, ndipo anayamba liti khalidwe limeneli. Mtsikanayo anati sakumva chimene akunena. Iwo anamuuza kuti asawayese chitsiru, kuti anamulera ndi manja awo ndipo amadziwa nkhope yake ikamanama. Anamukumbutsa za bambo ake amene amagwira ntchito kutali kuti iye aphunzire. Anamulamula kuti atulutse zonse za m'matumba, ndipo patebulo panagwa kampango, labala ndi chipeso chothyoka. Ine ndinayamba kuchita manyazi, ngakhale kuti moto ndinauyatsa ndine.

Wamagalasi sanalire. Anayang'ana pepala lija, n'kuyang'ana chala cha azakhali ake chimene chinali pa naini, ndipo nkhope yake inasintha ngati munthu amene wamvetsa mochedwa.

"Njira ili kuseri, azakhali. Tembenuzani pepala."

Kuseri kwa tsamba lomaliza, kumene ine waulesi sindinafike ndiponso iwo mwini wa "onetsani" sanaganizeko, kunali makwerero a kugawa, otsika mwaudongo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Zotsala anazizunguliza chimodzichimodzi: 3, 2, 6, 4, 5, 1, kenaka 3 kubweranso, ndipo pamenepo anaika kamuvi kosonyeza kuti nyimbo yayambiranso. Sanaime pomwepo. Anapitiriza mpaka nambala ya khumi ndi chimodzi, imene inali 5.

Azakhali ake anamufunsa, mawu atatsika, kuti nanga anapitiriziranji, poti akanangolemba manambala asanu ndi limodzi aja n'kuika timadontho pamwamba. Iye anatembenuzanso pepala n'kuloza pamalo a yankho. Pambuyo pa dontho panali timizere tolembapo, ndipo anatiwerenga mokweza. Tinalipo khumi. Anati anaganiza kuti funso likufuna kuti timizere tonse tidzaze.

"Ndiye munatiphunzitsa kuti nambala ukaidula mchira uziyang'ana yotsatira. Munati woiwala kukweza mudzamuchotsera malikisi. Yotsatira inali 5, ndiye ndinakweza."

Apa maso onse awiri anatembenukira kwa ine. Timizere tija ndinaika ndine potayipa. Sindinatiwerenge, ndinangodina batani mpaka mzere unaoneka wokwanira. Ndinafotokoza zimenezi, koma a Onetsani anandiyang'ana ngati munthu amene anatchera msampha dala. Ndinatenga mulu wanga n'kuyamba kuuvundukula. Ana ambiri analemba manambala asanu ndi limodzi n'kusiya. Ena anadzaza timizere tonse n'kuthera pa 8, osaganiza za kukweza. Amene anakumbukira lamulo la a Onetsani mpaka kumchira anali awiri okha m'kalasi yonse, omwe aja ankawamvera kwambiri.

Mtsikana atatuluka, m'chipindamo munangotsala phokoso la ana akusewera panja. Panalibe chifukwa choti ndinene, koma pakamwa panga sipagona, ndiye ndinanena. Ngati naini ndi umboni wa kuba, Wamagalasi achotsedwe ngati mnzake. Ngati naini si umboni, mwana wa telala abwerere, ndipo malikisi ake ndi apamwamba. Kulikonse kumene nkhaniyi ingagwere, malo aja achoka m'nyumba mwawo. Njira yokha yowasungira inali yoti pepalali lisaonedwe ndi munthu wachitatu.

"Ahedi aliona?" anafunsa.

Ndinati ayi.

Analipinda pakati, n'kuliika m'chikwama chawo, n'kutseka zipi, n'kutuluka osanditsanzika. Ndinatsala ndikudzitukwana. Umboni wonse ndaupereka m'manja mwa mwini mlandu, osajambula n'komwe. Madzulo onse ndinkangoona m'maganizo labala akuyenda pa naini uja, kapena tsamba likung'ambika mwangozi, kapena tiyi akutayikirapo. Ndinakonzeratu mawu okanena kwa ahedi, ndipo ndinakonzeranso mmene ndidzadzitetezere akadzati timizere tija ndinaika ndi cholinga. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndayambana ndi munthu, poti ndinkayankha zosagwirizana ndi mafunso.

M'mawa ndinalawira kuposa masiku onse, koma ndinapeza iwo ali kale mu ofesi ya ahedi. Patebulo panali mapepala awiri, la mwana wa telala ndi la Wamagalasi, ataikidwa moyandikana. Ndinawerama n'kuyang'anitsitsa, osachita manyazi. Naini anali pomwepo, wosakhudzidwa.

Ahedi nawo sanamvetse msanga. Anapendeka pampando n'kuwafunsa ngati zonsezi si njira yopulumutsira mwana wawo, poti dzulo naini anali wakuba ndipo lero wasanduka wanzeru. A Onetsani anawapempha kuti awonkhetse okha malikisi a mapepala awiriwo aone amene akupulumuka. Ahedi anawonkhetsa kawiri, n'kukanda m'mutu. Anafunsa ngati tingatsimikize kuti mwana wa telala sanagwiredi kalikuleta popita kuchimbudzi. A Onetsani anati sangatsimikize, monganso sakanatha kutsimikiza kuti anaigwira, ndipo kuti umboni wokha umene anali nawo wafa. Anapempha kuti dzina la mwana wa telala libwezeretsedwe, ndi kuti akanene okha kwa bambo ake. Ahedi anavomera, koma anati ndipite nawo. Sindikudziwa ngati ankafuna kuti ndikhale mboni kapena mlonda.

Shopu ya telala inali kachipinda kopanikizana pakati pa wometa ndi wogulitsa mafoni. Madiresi osamaliza kusoka anali lendelende padenga, pansi pali tizidutswa ta nsalu. Mtsikana uja anali kumbuyo, akusita kolala ya malaya. Atationa anaimika simbi n'kuyang'ana pansi. Bambo ake sanasiye kupalasa makina mpaka anafika kumapeto kwa msoko, kenaka anadula ulusi ndi mano n'kutifunsa chimene tadzera.

A Onetsani anakana mpando. Anafotokoza ataimirira, mwachidule, popanda bolodi. Anati analakwitsa, kuti naini uja akhoza kubwera ndi dzanja la munthu, ndipo kuti malo aja ndi a mwana wake. Telala anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso ine.

"Ndiye mukufuna avomere chiyani tsopano? Nenani zenizeni, amayi. Anthu inu simungayende mtunda wonsewu kudzangopereka."

Tinamutsimikizira kuti palibe chovomera, palibe chosayina. Anafunsa kuti nanga wina amene amayenera kutenga malowo ndi mwana wa yani, ndipo wavomera bwanji. A Onetsani anati ndi wawo. Bamboyo sanafewe nkhope, koma anachotsa phazi pa makina. Anati akhulupirira akamva kuchokera pakamwa pa ahedi, pamaso pa ana onse amene anamva kuti mwana wake ndi wakuba. A Onetsani anati zimenezo n'zoyenera. Potuluka anaima pafupi ndi mtsikanayo n'kumufunsa chimene ankafuna kunena tsiku lija mu ofesi. Iye anayankha chapansipansi, monga mwa masiku onse, kuti ankafuna kunena za timizere.

Pobwerera ndinkafuna kuwauza kuti ndinawaganizira zoipa usiku wonse, koma ndinaona kuti akudziwa kale, ndipo kuti sizikuwakhudza. Titafika pageti la sukulu tinapeza Wamagalasi ataima pamthunzi wa mpanda. Anali atamva kale, poti pasukulu nkhani siichedwa. Ndinafuna kupitirira kuti ndiwasiye awiri, koma njira inali yopapatiza ndipo nkhani inayambika ndisanadutse.

Azakhali ake anayamba kumufotokozera za malikisi, kuti mnzakeyo anamuposa mwachilungamo, kuti mwayi wina udzapezeka. Iye anapukusa mutu. Anati za malowo alibe nazo mawu, ankadziwa kuyambira kale kuti mnzakeyo amamuposa pang'ono.

"Ndimangofuna kudziwa chimodzi, azakhali. Ndikanapanda kulemba njira kuseri kuja, ndikanangokuuzani ndi pakamwa kuti sindinabe, mukanandikhulupirira?"

Ndinapemphera mumtima kuti aname. Bodza laling'ono ngati limenelo ndani akanawadzudzula? Ndinawaona akulifunafuna, maso ali pa nsapato za mwanayo. Koma a Onetsani anali a Onetsani.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Sindikanakukhulupirira."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukankhira magalasi ake m'mwamba, n'kubwerera m'kalasi. Teremu itatha anapita kukacheza kwa bambo ake, ndipo sukulu itatsegulira kunangobwera uthenga wopempha kuti azakhali ake amutumizire zovala ndi mabuku ake.